Nsabwe ya m'galaja ku Turffontein: pomwe tafika

Loweruka, 8 Malichi

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti zandege zija zinathera pati, nde ndati ndizilemba mmene zikuyendera kuti nanenso ndisamaiwale chomwe ndinachita ndi chifukwa chake. Kwa amene simundidziwa, ine ndi kalipentala, kwathu ndi ku Lunzu, kuno ku Joni ndatha zaka 11 ndikukhoma makabati a m'khitchini m'nyumba za anthu. Ndikumanga ndege yangayanga m'galaja ya landilodi wanga ku Turffontein, ndi mamita 6 mulitali, atatu mulifupi, mwayi wake mapiko a ndege imeneyi amapindika ndipo amamangidwa zigawo zitatu, apo bii sizikanatheka.

Ndege yake ndi HM.293 ya Henri Mignet, bambo wa ku France amene anaulutsa yoyamba ya mtundu umenewu, HM.14, mu Seputembala 1933. Kwawoko amaitcha Pou du Ciel, kutanthauza nsabwe ya mumlengalenga, nde kunyumba kuno nafenso tikungoti Nsabwe. Ndi ya munthu mmodzi, ya matabwa ndi pulaiwudi, mapiko amakutidwa ndi nsalu. Ili ndi mapiko awiri, lina kutsogolo pamwamba pa mutu, lina kumbuyo m'munsi pang'ono. Chomwe chinandikoka ndi chiwongolero chake. Ndege zambiri zili ndi ma aileron, timatseko ta kunsonga kwa mapiko topendeketsa ndege, kenako elevator kumchira yokwezera ndi kutsitsira mphuno, kenako rudder yopondedwa ndi mapazi. Iyi ilibe ma aileron, ilibe elevator, ilibenso zopondera. Ukakoka ndodo kapena kuikankha, phiko lonse lakutsogolo ndi lomwe limapendekeka. Ukaipititsa kumanzere kapena kumanja, imene ikusuntha ndi rudder, chitseko chachikulu choimirira kumchira kuja, basi. Kukhota konse kuli pa rudder.

Alamu anga amene amawotcherera zitsulo ku Germiston ndi omwe adzandipangire zitsulo zonse zolumikizira. Atayang'ana mapulani anangoti "Alamu, ndege yopanda zopendeketsera nde mudzakhota bwanji, simudzangopita chammbali ngati nkhanu?" Ndinayankha zomwe ndinawerenga koma mumtima ndimadziwa kuti ndikungobwereza za m'mabuku, sindinazionepo ndi maso. Nde tagwirizana kuti ndisadule thabwa lodula ngakhale limodzi ndisanapange kamodelo kouluka ndi rimoti.

Za mapepala ndinayamba kale. Kuno sungangodzuka nkumanga ndege, umapempha kaye build number, nambala yokulola kumanga, ku SACAA, bungwe loyang'anira za ndege kuno ku South Africa, ndipo pamafunika AP, munthu wovomerezeka woyendera ntchito yako usanatseke chilichonse. Ndinampeza madala wina wopuma pantchito kudzera kwa anthu a EAA, gulu la omanga ndege zawozawo, wavomera kumabwera.

Lamulungu, 23 Malichi

Kamodelo katha. Ndakachepetsa kanayi, phiko lakutsogolo ndi mita imodzi ndi theka, fomu ndi balsa, mota ya batire. Kuulutsa ndapita ku bwalo la kalabu ya SAMAA, bungwe la oulutsa timamodelo ta ndege, kummwera kwa tawuni, mdala wina wa pamenepo ndi amene anagwira rimoti ulendo woyamba ine ndili pambali.

Dala ndinamanga phiko lakutsogolo kuti lisasunthe, ndinatsala ndi rudder ndi moto wa injini basi, mmene ankaulutsira anthu a mamodelo m'ma 1950 pomwe wailesi inali ndi tchanelo imodzi yokha ndipo rudder imatembenuzidwa ndi mphira wopota. Ndimafuna ndione rudder payokha ikuchita chani popanda china choithandiza.

Abale, chinthu chija chimakhota. Koma chimakhota mwa ndondomeko yake ndipo ukayang'anitsitsa umaiona yonse. Ukapereka rudder kumanzere, choyamba ndi mphuno kugwedezeka kuloza kumanzere ndege ikupitabe komwe imapita, kwa kanthawi kochepa imayenda chammbali ndithu ngati mmene amanenera alamu. Kenako phiko lakumanja limakwera lokha, lakumanzere nkutsika, ndege nkuyamba kuzungulira bwinobwino. Chinsinsi chili pa dihedral, kukwezeka kwa nsonga za mapiko kuja ngati V yofutukuka. Ndege ikamayenda chammbali, phiko lomwe latsogola limalandira mphepo chapansi pake nde limanyamuka kwambiri, linzake lotsalira limailandira chapamwamba nde limafooka. Ndiye kuti rudder sipendeketsa ndege, imangoyambitsa, mapiko ndi amene amamaliza.

Ukagwira rudder osaisiya, kuzungulira kumathina, mphuno imagwa, liwiro limakwera, kamodelo kamatsika mozungulira ngati tsamba la mango. Ukaisiya, liwiro lija limakakwezanso kokha m'mwamba. Mdala uja anandiuza kuti umu ndi mmene akale ankachitira loop ndi rudder yokha. Mnyamata wanga wa giredi 6 anajambula zonse pa foni, tazionera mwina kakhumi usiku uno.

Lachisanu, 4 Epulo

Palibe chomwe ndagwira sabata ino, ntchito ya ku Fourways inatipanikiza. Koma ndilembe izi. Ndinaimbira amayi ku Lunzu, mlongo wanga anali atawaonetsa kale vidiyo ija. Anati "Mwananga, iweyo za Wenela unaziiwala?" Sindinaziiwale, takula tikuzimva. Tsiku ngati lalero mu 1974 ndege ya Wenela, DC-4, inagwa itangonyamuka ku Francistown ikupita ku Blantyre, anthu 78 anathera pompo, ambiri Amalawi ochokera ku migodi ya kuno komwe akubwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a Wenela chifukwa cha ngozi imeneyo. Amayi anali mtsikana nthawiyo, malume awo anali ku mgodi, pamudzi panatha masiku anthu osadziwa ngati analimo. Sanalimo, koma mantha aja amayi sanawachokebe, ndipo ya ku Chikangawa ya Juni 2024 inangowadzutsanso.

Sindinatsutsane nawo. Ndinangowauza kuti ya Francistown chinalakwika ndi mafuta, petulo wa ndege anasakanikirana ndi mafuta a jeti, injini nkulephera, zinthu zomwe zinachitikira pansi ndege isananyamuke. Ndinawalonjeza kuti sindidzakwera ndisanaphunzire kwa mphunzitsi weniweni, komanso kuti woyamba kuiulutsa adzakhala munthu wodziwa osati ine. Anangoti "Ndamva" koma mawu ake anali a munthu woti sanakhutire.

Lolemba, 28 Epulo

Holide, nde tsiku lonse ndathera ku bwalo. Ndinapanga zolumikizira nsonga za mapiko mitundu itatu kuti ndione dihedral ikusintha chani.

Zoyamba zinali zowongoka, madigiri 0. Apa alamu anga analondola kwathunthu, kamodelo kamangotembenuza mphuno nkumatsetsereka chammbali, kupendekeka kunalibe kwenikweni, tinakabweza movutikira pozungulira patali kwambiri. Zachiwiri ndinatsata mapulani, kanakhota mwaulemu ngati poyamba paja. Zachitatu ndinawirikiza kawiri, nde kanayamba kuvina, mchira uku phiko uku, kamphepo kakang'ono kakangokhudza kuchokera m'mbali kamapendekeka kokha mwamphamvu. Nde amene mumandiuza kuti ndingoonjezera dihedral kuti ikhale yotetezeka, ayi, nambala ya pa pulani ija siinangolembedwa.

Masana ndinamasula phiko lakutsogolo kuti lizisuntha ngati pa ndege yeniyeni. Maulendo awiri zinayenda bho. Wachitatu ndinasintha batire mofulumira osaimanga bwino ndi lamba wake, pokwera inatsetserekera kumbuyo. Ndinangoona kamodelo kayamba kusakhazikika, mphuno mmwamba mphuno pansi, nditakankha ndodo pang'ono kuti ndikaweramitse kanangolunjika pansi, ndinakoka ndodo yonse koma osabwerera, mpaka phuu mu udzu. Mphuno yonse inaphwanyika, pulopela zidutswa ziwiri, batire tinaipeza ili cha kumbuyo masentimita 7 kuchoka pamalo ake.

Ndinakhala pansi pa udzu pompo kanthawi chifukwa chomwe ndinaona ndi chimene chinapha anthu mu 1935 ndi 1936. Mignet atatulutsa buku lake mu 1934, anthu mazanamazana ku France ndi ku Britain anayamba kumanga HM.14 m'magalaja mwawo, ambiri asanaulukepo chiyambire. Zingapo zinalowa mu dive, kulunjika pansi chamutu, yosatulukika, oyendetsa nkufa, ndipo maboma anaziletsa kuuluka. Ataziika mu wind tunnel, chipinda choyeseramo ndege ndi mphepo, ku Farnborough ndi ku Chalais-Meudon mu 1936 anapeza chifukwa: phiko lakutsogolo limaphimba lakumbuyo, nde ndege ikaweramira pansi kudutsa mlingo wina, mphepo yodutsa pampata wa mapiko awiriwo imapatsa mphamvu phiko lakumbuyo, mchira umanyamuka, mphuno imapitirira kugwa ngakhale ukoke ndodo bwanji. Kulemera kukakhala kumbuyo zimaipiraipira. Mignet anakonza, anatalikitsa mapiko, anasintha maonekedwe a phiko, ndipo zobwera pambuyo ngati HM.293 ya m'ma 1940 zauluka zaka zambirimbiri. Koma lamulo la CG, malo pomwe kulemera konse kwa ndege kumakhazikika, silinachoke. Umayeza kuyambira kumlomo kwa phiko lakutsogolo mpaka kumapeto kwa phiko lakumbuyo, CG izikhala cha pa kota ya mtunda umenewo. Pa kamodelo kanga mtunda wake ndi masentimita 60, nde CG pa 15. Ndalemba nambala imeneyi ndi maka pakhoma la galaja.

Kamodelo ndikakonza, fomu ilipo yotsala.

Loweruka, 17 Meyi

Matabwa. Spruce ya ndege yochokera kunja mtengo wake sindingaukwanitse pano, nde ndikugwiritsa Oregon pine, dzina lina Douglas fir, yomwe ndi yovomerezeka, yolimba kuposa spruce koma yolemerako. Ndinathera Loweruka awiri pa yadi ina ya matabwa ndikutembenuza thabwa limodzilimodzi, anyamata a pamenepo mpaka anandizolowera. Chofunika ndi mizere ya thabwa: isachepere 8 pa inchi imodzi, iziyenda mowongoka, isapatuke kupitirira 1 pa 15, popanda mfundo, popanda matumba a utomoni. Pa matabwa opitirira 40 ndinatenga 5.

Lero madala a AP anabwera koyamba. Anatenga thabwa lomwe ndimalinyadira kwambiri, lomwe ndimati likhala spar ya phiko lakutsogolo, msana weniweni wa ndege, analitulutsa panja padzuwa nkulipendeketsa pang'onopang'ono. Anandiitana, "Bwera uone apa." Panali kamzere kopyapyala ngati tsitsi kodutsa mopingasa mizere yonse, cha pa mita imodzi kuchoka kumapeto. Compression failure, mtengo unapindika mwamphamvu mwina pougwetsa kunkhalango, ulusi wake unathyoka mkati. Zaka zonsezi ndikugwira matabwa sindinkadziwa kuyang'ana chimenechi chifukwa pa kabati chilibe ntchito. Anandiuza ndicheke kachidutswa pamenepo ndikapinde pa bondo. Kanathyoka ngati karoti, mwaukhondo, opanda ngakhale ulusi umodzi wolendewera. Kachidutswa kena ka thabwa lomwelo kutali ndi mzere uja ndinachita kukapondera pansi ndipo kanang'ambika motalika.

Ndinati "Madala, nde zinayi zotsalazi?" Anaziona zonse, zitatu anavomera, chimodzi anati chikhale cha tizidutswa ting'onoting'ono. Ndabwerera ku yadi.

Lolemba, 16 Juni

Nthiti za mapiko, ma rib. Ndinapanga jigi pa bolodi la melamine lotsala kuntchito, ndikumamanga imodzi usiku uliwonse ndikaweruka. Zinafika 14 ndisanazindikire vuto.

Nthawi iliyonse ndikasakaniza epoxy ndimamata timatabwa tiwiri toyesera ndikulembapo deti, pakatha masiku ndimatimenya ndi hamala mu vayisi. Guluu wabwino thabwa ndi lomwe limang'ambika, mzere wa guluu umatsala. Dzulo ndinamenya ta sabata yatha, titatu tinalekana pa guluu penipeni, pamwamba pake posalala, ndikadina ndi chikhadabo pamalowa. Ndi kuzizira. Juni wa Johannesburg mukumudziwa, m'mamawa pa galasi la galimoto pamakhala ayezi, ndipo galaja ya malata usiku imazizira ngati panja pomwe. Epoxy imafuna kutentha kuti igwire, nde usiku wina magetsi anazima mdera lonse, kahita kanga kanazima nako ine ndili mtulo.

Ndayang'ana madeti, nthiti 5 zinamatidwa masiku amenewo. Ndazicheka zonse zisanu pakati kuti ndisadzayesedwe nkuzibwezeramo tsiku lina nditatopa. Mayi akunyumba anaona ndikuzicheka anati "Bambo, sabata yonse ija mumagona 11 koloko?" Ndinawapatsa kathabwa koyesera kaja kuti adine okha ndi chala. Sanayankhe, koma madzulo anandibweretsera bulangete lakale lamagetsi ndi ma hot water bottle awiri. Panopa ndikumata masana Loweruka ndi Lamulungu basi, jigi ndimaifunditsa, mkatimo ndaikamo thermometer yosunga kuzizira kwa usiku wonse, ikatsika pansi pa madigiri 15 nthiti imeneyo siiwerengedwa mpaka kathabwa kake katapambana mayeso.

Lamulungu, 6 Julayi

Kwathu akukondwerera ufulu, ine ndinali m'mwamba. Ndayamba maphunziro a NPL, laisensi yoyendetsera ndege zing'onozing'ono, ola limodzi pakatha masabata awiri mmene thumba likulolera, pa bwalo lina laling'ono kummwera. Ndege yophunzirira ndi ya mapiko apamwamba, ya ziwongolero zonse zitatu. Lero linali ola lachinayi, ndinampempha mphunzitsi kuti tikakwera bwino andilole ndikhote ndi mapazi okha. Anavomera, tinakwera mpaka nyumba za m'mapulazi zikuoneka ngati mabokosi a machesi, anati "Manja pa maondo."

Ndinaponda kumanzere pang'ono. Zomwe ndinkaziona pa kamodelo ndili pansi lero ndinazimva m'thupi. Mphuno inasuntha kaye, thupi langa linakankhidwira kumanja pampando, kampira ka mu galasi kosonyeza ngati ndege ikuyenda chammbali kanathawira mbali, nde panali kanthawi, mwina sekondi imodzi, koti palibe chikuchitika ndipo dzanja limafuna lokha kuthamangira ndodo. Kenako phiko lakumanzere linatsika mofatsa tinayamba kuzungulira, misewu ya fumbi ikutembenuka pansi. Potuluka ndinaponda kumanja, kudikiranso kamphindi komweko, nkuwongoka. Ulendo wachiwiri ndinaponda mopupuluma ndipo ndege inagwedezeka uku ndi uku mpaka mphunzitsi anagwira. Anati vuto la anthu ambiri pa ndege za rudder yokha ndi limeneli, amaona ngati sinamve nde amaonjezera, pomwe inali itamva kale ikungobwera.

Anandichenjezanso chinthu chomwe sindinachiganizepo. Ndikazolowera ndege yake, mapazi anga adzazolowera kuwongolera pansi pothamanga pa runway. Mu Nsabwe mulibe zopondera, pansi pomwe umawongola ndi dzanja. Tsiku loyamba mphuno ikadzapatuka, phazi lidzaponda pulaiwudi yopanda kanthu dzanja lili duu. Nde padzafunika maola ambiri ongoyendetsa pansi, pang'onopang'ono, mpaka dzanja liphunzire.

Loweruka, 16 Ogasiti

Mphepo ya Ogasiti yafika, fumbi la m'migodi yakale lili m'maso monse. Phunziro la lero linalephereka, nde ndinangokhala pa benchi ku bwalo ndikuonera odziwa akutera mphepo ikuwomba mopingasa runway. Amatsitsa phiko la komwe kukuchokera mphepo ndi aileron, nkuponda rudder ya mbali inayo kuti mphuno ilunjike, tayala limodzi limagunda kaye kenako linzake. Zinthu ziwiri zotsutsana nthawi imodzi. Ndege yanga singachite zimenezi ngakhale pang'ono, chifukwa kupendekeka ndi kuloza kwa mphuno zonse zili pa chiwongolero chimodzi. Ndipo dihedral yomweyo imene imandikhotetsa m'mwamba, pansi imasanduka mdani, mphepo ya m'mbali imalowa pansi pa phiko nkufuna kulinyamula ndege ikadali pa matayala.

Madzulo tinakangana ndi alamu, kukangana kwenikweni, nsima mpaka inazizira. Iwo akuti tiike ma aileron pa phiko lakumbuyo nthiti zisanakutidwe, zitsulo apanga okha sabata imodzi. Akuti "Alamu, mlongo wanga ndi ana ndidzawauza chani mphepo ikadzakutembenuzani pa runway?" Funso limenelo ndi loona ndipo sindinalipeputse.

Koma ndakana. Ndikasintha phiko ndiye kuti sindikumanganso HM.293 imene yauluka zaka zonsezi, ndikumanga ndege yatsopano yomwe palibe anaiyesapo, ndi mawerengero omwe ine kalipentala sindingawatsimikize. Phiko lakumbuyo limanyamula gawo la kulemera ndipo limagwira ntchito mu mphepo yochokera ku lakutsogolo, nkhani ya 1936 yonse inali pamenepo, sindikufuna kukhudzapo. Ndege za ziwongolero ziwiri zilipo zambiri, Weedhopper ya John Chotia ya kumapeto kwa ma 1970 ku America, Sky Pup, ngakhale Quicksilver MX yomwe ndodo yake imayendetsa rudder, ndipo onse amene amaziulutsa amanena chimodzimodzi: umatera moyang'anana ndi mphepo, apo ayi usanyamuke. Nde yanga idzakhala ndege ya m'mamawa, 6 koloko mpaka 9, Meyi Juni Julayi pomwe mpweya wa Highveld umakhala uli zii. Ogasiti idzakhala m'galaja mapiko atapindidwa. Chilimwe masana mabingu a kuno mukuwadziwa, sizokambirana. Ndikufunanso bwalo la udzu lotambalala kapena la ma runway awiri opingasana. Rand Airport ili pafupi ndipo ili nawo awiri, koma ndi ya tala, ya tawala yolamulira ndege komanso ndege zambiri, simalo ophunzirira kuyendetsa pansi kandege kotere.

Alamu sanavomereze, angoti zitsulo za pa pulani apanga mmene zilili koma nkhaniyi sinathe. Madala a AP nditawaimbira anati asayina zomwe zili pa pulani, china chilichonse chikufuna injiniya.

Lachitatu, 24 Seputembala

Injini. Ndinali nditatsala pang'ono kugula Rotax 447 yogwiritsidwa kale ntchito, ya mphamvu ya mahatchi 40, yotsika mtengo, mpaka nditakhala pansi ndi pensulo. Mignet HM.14 yake anaiulutsa ndi kainjini ka mahatchi 17, koma kumeneko ndi kufupi ndi mlingo wa nyanja. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Rand Airport ndi mafiti 5,483. Pamtunda umenewu kutentha koyenera mwa mawerengero a ndege ndi madigiri 4 okha, nde tsiku la madigiri 30 wapitirira ndi 26, digiri iliyonse imaonjezera mafiti pafupifupi 120, ndege imamva ngati ili pa mafiti 8,600 isanachoke pansi. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 alionse, nde kota ya mphamvu yapita. Mahatchi 40 atsala 30. Pulopela nayonso ikugwira mpweya wochepa, mapiko nawonso akufuna liwiro lalikulu kuti anyamuke. Ku Chileka komwe ndinkaonera ndege ndili mwana, tikuyenda wapansi kuchokera ku Lunzu, ndi mamita osakwana 800, kumeneko 447 ikanakwana bwino.

Nde ndatenga 503, ya mahatchi 50, ya ma carburettor awiri ndi giyabokosi B. Anasiya kuzipanga koma kuno zilipo zambiri chifukwa cha ma trike, tindege topepuka ta matayala atatu, zipangizo zake zimapezekabe. Ndinaigula kwa munthu wina wa ku East Rand, logbook ilipo, komabe ipita kukatsegulidwa yonse, ma seal ndi crankshaft aziona kaye, chifukwa yakhala zaka zitatu osalira ndipo two-stroke yongokhala imachita dzimbiri mkati. Ndalama za overtime ya miyezi inayi zathera pamenepo. Ma jeti a carburettor, timabowo todutsa mafuta, adzafunika kuchepetsa molingana ndi mtunda wa kuno. Mafuta ndi 50 pa 1, ndagula chigubu chimodzi chofiira chomwe ntchito yake ndi imeneyi yokha, ndalembapo ndi penti, palibe wina adzathiremo kanthu kupatula ine.

Vuto lake 503 ndi yolemera kuposa 447, CG ipita kutsogolo. Bola kutsogolo kusiyana ndi kumbuyo, koma sindidzayerekeza, tidzaikweza pa masikelo atatu ine nditakhalamo, tanki yodzaza komanso yopanda kanthu.

Loweruka, 18 Okutobala

Thupi la ndege laima pa matayala ake. Pulaiwudi yonse yamatidwa kupatula pamwamba kumbuyo pomwe madala akufuna adzaone mkati, malumikizidwe a pulaiwudi ndinasenga 1 pa 12 ndi pulena yamanja, ntchito yomwe ndinaikonda kuposa zonse. Zitsulo za alamu za 4130, mtundu wa chitsulo cha ndege, zafika, kunena zoona ndi zaukhondo, mabawuti onse ndi a AN, a ndege enieni, osati a mu hadiweya. Rudder ndinaimanga sabata ziwiri, ndi yayikulu, kutalika kwake imandifika pachifuwa, sinakutidwe nsalu koma yakolekedwa pa mahinji ake.

Lero tinalumikiza makebulo kuchoka pa ndodo mpaka kumchira. Ndinalowa mkati koyamba, ndinakhala pa kushoni ya mpando wa m'khitchini, mapewa akukhudza mbali zonse, fungo la pulaiwudi ndi vanishi. Mnyamata wanga ndinamuimika kumbuyo. Ndinapititsa ndodo kumanzere, rudder inasuntha mofewa popanda kugwira paliponse, ndinasangalala kwambiri moti ndinayamba kuitana amake kuti adzaone. Mnyamata uja anali chete. Kenako anati "Adadi, bwerezani." Ndinabwereza. Anati "Pa kamodelo mukapita kumanzere, kumapeto kwa rudder kumapita kumanzere. Iyi ikupita kumanja."

Ndinatuluka, ndinaima kumbuyo, iye nkulowa kugwira ndodo. Zoona. Makebulo amalumikizidwa m'munsi mwa pomwe ndodo imazungulira, nde dzanja likapita kumanzere kumunsi kumapita kumanja, ndipo ine ndinawayendetsa mowongoka pomwe pa pulani akusonyeza njira ina. Pepala lake linali lomweli pa benchi, pansi pa bokosi la makalampu. Pa ndege yokhala ndi ma aileron cholakwa chotere ndi choopsa kale, pa iyi yopanda china chokhotera ndiye kuti mphuno ikangopatuka pothamanga, kuwongola kwanga kukanaonjezera kupatukako. Madala akanadzachipeza poyendera, ndikukhulupirira, koma wachipeza ndi mwana wa zaka 12 amene anaonera vidiyo ija kuposa ine.

Tamasula, tayendetsanso motsata pulani, ma Nicopress awiri, tizitsulo tomangira nsonga za kebulo, atayika chifukwa akakanikizidwa sabwezedwa. Ndapenta mapeto a kebulo yakumanzere kofiira, yakumanja kobiriwira, mbali zonse ziwiri, kuti tsiku lina tikadzamasula zisadzasinthane. Ndamuuza mnyamata kuti kuyambira lero nthawi iliyonse tikakhudza makebulo iye ndi woima kumchira, ine ndizitchula mbali iye aziyankha zomwe akuona, ndipo dzina lake ndalilemba mu buku la ntchito pa tsiku lalero.

Zotsala: spar yatsopano ya phiko lakutsogolo yamatidwa ikudikira madala pa 1 Novembala, nthiti zili 31 zabwino, zikufunika zina 9. Nsalu ya Dacron ndidzaitanitsa malipiro a Disembala akalowa, ndipo ndikufuna simbi yakale yopanda nthunzi yoti ndiiyeze ndi thermometer pa madigiri 120 ndi 175 pokokera nsalu. Ngati wina ali nayo cha ku Rosettenville kapena La Rochelle andiuze, ndidzabwera kudzatenga Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.